Foni Yokongola, Kapena Foni Yosunga Moto?

Msika wa fodya ukatsegulidwa ku Kanengo, alimi ambiri a ku Dowa, Kasungu, Mchinji, Dedza ndi midzi yozungulira amatsikira mu Lilongwe ndi ndarama m'thumba. Kale mlimi akagulitsa bwino ankagula njinga, bulangeti ndi wailesi. Masiku ano cinthu coyamba cimene ana amapempha ndico foni, ndipo si foni wamba ai, koma ija ya galasi lalikuru imene amaisisita ndi cala, imene anyamata aicha "tachi". Tsono popeza owerenga athu ambiri adzapita kukagula zinthu zimenezi, nkwabwino kuti ayambe amva madandaulo a eni mzinda amene anazidziwa kale, pakuti safunsa anadya phula.

Lilongwe anasanduka likuru la dziko m'caka ca 1975, boma litacoka ku Zomba, ndipo kalembera wa 2018 anapeza anthu 989,318 mumzindamo. Mlendo akatsika basi pa depoti ndiye kuti ali mu Old Town, kumene kuli msika waukuru ndi mseu wa Malangalanga. Kumeneko ndiko amagulitsa mafoni, mawailesi, matochi ndi zingwe zace, m'masitoro ndi pamabenchi pomwe. Cakumpoto kuli City Centre, kwa maofesi ndi mabanki, pafupi ndi Capital Hill. Ndipo kuli kumayadi, monga Area 3, Area 9, Area 10, Area 12 ndi Area 43, kumene nyumba ziri m'mipanda yaitali ndipo m'katimo muli filiji, kanema, kompyuta ndi makina ocapira. Munthu wa kumudzi angaganize kuti a kumayadi alibe codandaula. Koma dandaulo lao ndi la mlonda wao liri limodzi, ndilo moto.

Magetsi Akazima

Magetsi ambiri a dziko lino acokera mu mtsinje wa Shire, pa Nkula, Tedzani ndi Kapichira. Madzi akacepa, kapena zinyalala zikatseka makina, magetsi amagawidwa mosinthana, dera ili m'mawa, dera ilo madzulo. Mu January 2022 namondwe wochedwa Ana anagumula damu la Kapichira ku Chikwawa, ndipo dziko linataya mamegawati pafupifupi 130. Makinawo sanagwire nchito kufikira caka ca 2023. M'miyezi imeneyo anthu a mu Lilongwe anaphunzira zambiri. Nyama inaola m'mafiliji. Ana a kumayadi anawerengera pa kandulo monga anzao a kumudzi. Amene anali ndi ndarama anagula jenereta, koma jenereta imamwa petulo ndipo imasokosa usiku wonse, kotero kuti ambiri anatembenukira ku sola ndi mabatire akuru osunga moto.

Ngakhale magetsi akabwera, mabvuto samatha. Nthawi zina amabwera ndi mphamvu yopyola muyeso ndi kupsereza kanema kapena filiji imene munthu anaisiya pa soketi. Cifukwa cace eni nyumba odziwa amazula zonse magetsi akangozima, ndipo amateronso mvula ya ziphaliwali ikayamba. Palinso mita yolipiriratu. Mayunitsi akatha nyumba imada pompo, kaya ndi pakati pa usiku, kaya pali alendo, ndipo mwini nyumba ayenera kugula ena pa foni ndi kulemba manambala 20 pa mitayo mosaphonya ngakhale imodzi. Nanga foniyo ikakhala kuti nayo yatha moto, atani?

Mukalowa m'maofesi a ku City Centre m'mawa mudzaona soketi iriyonse iri ndi mwini wace. Kalaliki wocokera ku Area 25 kapena ku Kawale, kumene magetsi anazima dzulo, amayamba wachaja foni asanatsegule buku liri lonse. Wanchito wa m'nyumba kumayadi amapempha malo ku khichini kwa abwana. Munthu akalowa m'nyumba ya tiyi maso ace amayamba kufuna khoma limene liri ndi soketi, mpando pambuyo.

Akuru a Mafoni Awiri

Cimene cimadabwitsa mlendo ndi ici, kuti akuruakuru ambiri oyenda pa galimoto amasunga mafoni awiri. Yoyamba ndi ya galasi, yokwera mtengo, ya zithunzi ndi WhatsApp ndi makalata a ku nchito. Yaciwiri ndi kafoni ka mabatani, konga kamene agogo ali nako kumudzi. Foni ya galasi ikagwira nchito tsiku lonse imafuna kuchaja madzulo omwewo. Ka mabatani kamatha masiku angapo, kali ndi tochi, kali ndi wailesi, kakagwa pansi mumangotola ndi kubwezera batire. Ndiponso mbala za pa depoti sizikacitira nsanje. Amai ambiri popita kumsika amasiya yaikuru kunyumba natenga kakang'onoko m'mpango.

Kukonda timafoni totere sikunayambe lero. Nokia 1100, imene inaturuka mu 2003 ndi katochi pamutu pace, inagulidwa koposa 200 miliyoni pa dziko lonse lapansi, ndipo ambiri a ife tikumbukira timafoni totsika mtengo tija anthu anaticha Mose wa Lero. Tsopano m'masitoro a mu Old Town mwadzaza maina a itel, Tecno ndi Infinix. Onse atatuwa ndi a kampani imodzi ya ku Shenzhen m'dziko la China, dzina lace Transsion. Eni ace anaona cimene munthu wa mu Africa afuna, ndico batire lokhalitsa ndi malo a simu ziwiri. Za simu ziwirizi nzofunika kuno kwathu, pakuti makampani akuru a mafoni alipo awiri: TNM, imene inayamba mu 1995, ndi Airtel, imene inayamba mu 1999 ndi dzina la Celtel, nikhala Zain, nitenga dzina la tsopanoli mu 2010. Mudzi wina netiweki ya uyu imagwira pakhonde pomwe, ya uyo mpaka mutakwera pa culu. Ndipo Airtel Money, imene inadza mu 2012, ndi Mpamba wa TNM wa mu 2013, zonse zimayenda bwino lomwe pa kafoni ka mabatani. Kulandira ndarama kucokera kwa mwana ali ku Joni sikulira foni ya galasi ai.

Akuluakulu amene anaona masiku a atsamunda anganene kuti bvuto la batire ndi lakale. Mu 1949 kampani ya Ever Ready ya ku England inapanga wailesi yotsika mtengo ya anthu a ku Northern Rhodesia ndi Nyasaland, atawapempha Bwana Harry Franklin wa nyumba ya mphepo ya ku Lusaka. Thupi lace linali lozungulira ngati sefuliya, ndipo anaicha Saucepan Special. Mabowo ace anawatseka ndi sefa kuti tizirombo tisalowe. Mtengo wace unali mapaundi 5, koma batire lace linali paundi imodzi ndi masheleni 5, ndipo linkatha patapita maora 300. Tawerengani nokha: womvera maora atatu madzulo ali onse batire linkamthera m'masiku 100, ndipo mabatire anai anali mtengo wa wailesi ina yatsopano. Wailesi zambiri zinangokhala cete pamwamba pa kabati, zobvundikira ndi kansaru koluka. Kugula kunali kwapafupi, kudyetsa ndiko kunabvuta, monganso ng'ombe ya ngolo.

Zingwe Zosagwirizana

Dandaulo lina limene mudzamva paliponse ndi la machaja. M'nyumba imodzi mupeza mitundu itatu kapena inai ya zingwe, ndipo cimene mufuna ndico cimene casowa. Panali ka msonga yopyapyala ka Nokia, panadza kena kophwathalala kamene kamalowa mbali imodzi yokha, tsopano kuli Type C. Mafoni a iPhone anali ndi cingwe caocao kufikira 2023. Maiko a ku Ulaya anatopa nazo, naika lamulo lakuti kuyambira December 2024 mafoni onse atsopano ogulitsidwa kwao akhale a Type C. Lamulolo lidzatithandiza nafenso pang'onopang'ono, koma mafoni akale akali ambiri m'manja mwa anthu.

Pakhoma napo pali nkhondo. Soketi za m'Malawi ndi za mabowo atatu amakona, monga za ku Britain. Koma ketulo kapena simbi yocokera ku South Africa imadza ndi mano atatu ozungulira, ndipo machaja ambiri a ku China ali ndi mano awiri. Anthu amatenga kamtengo ka machesi kapena bolopeni nakankha bowo la pamwamba kuti enawo atseguke. Mcitidwe umenewu ngwoopsa, makamaka pamene ana aona ndi kutsanzira ndi msomali. Adaputa yabwino siikwera mtengo monga maliro. Koma nazonso ziripo zonyenga, zimene zimatentha ndi kusungunuka zikasenza ketulo.

Za foni ya galasi tinene mwacidule. Imadzaza msanga ndi zithunzi ndi makanema a m'magulu a ku chalichi, a maliro ndi a pabanja, kenaka iyamba kuzengereza. Imadya bandulo ngakhale iri m'thumba, cifukwa zinthu za m'kati mwace zimadzikonza zokha pa intaneti mwini wace osadziwa. Ndipo imakalamba thupi likali latsopano: mu October 2023 WhatsApp inaleka kugwira nchito pa mafoni akale a Android osafika pa nambala 5, ndipo amene anali nao anangoona mau akuti foni yao siingathenso. Sitinena kuti njopanda pace. Mwana wa sukulu ya ukacenjede aifuna, wamalonda wotumiza zithunzi za katundu aifuna, ndipo mai amene mwana wace ali kunja amakondwa kuona nkhope ya mdzukuru. Koma aliyense ayambe wadzifunsa kumene adzaichaja. Kalembera wa 2018 yemweyo anapeza kuti mwa nyumba 100 zirizonse m'dziko muno, pafupifupi 11 zokha ndizo zinkaunikira magetsi, ndipo zambiri za izo zinali m'matauni. Wokhala kutali ndi mawaya agule ndi kasola komwe tsiku lomwelo, kapena adziwe kuti adzayenda ulendo wa ku sitolo kwa wometa tsiku ndi tsiku, ndi kulipira ulendo uli wonse. Posiya foni ya mabatani kumeneko ikani cizindikiro pa batire lanu, cifukwa ena amasinthitsa.

Kwa Amisiri a pa Malangalanga

Foni ya bwana wa ku Area 43 ikasweka galasi imatsikira ku Old Town komweko, kwa anyamata okhala pa kabenchi ndi kacitsulo koocherera. Ena a iwo ndi amisiri enieni, otha kudzutsa foni imene inagwera m'madzi. Ena amangoyesa mwai, ndipo foni imabwerako ndi matenda awiri m'malo mwa amodzi. Zipangizo zonse zimacokera kunja, tsono pamene Kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 44 pa 100 mu November 2023, mtengo wa magalasi ndi mabatire unakwera nao. Pa mafoni ena kusintha galasi kumayandikira mtengo wa foni ina. Apa mpamene foni ya dzina lodziwika imapambana yacilendo, pakuti zipangizo zace zimapezeka pa benchi liri lonse, pamene ija anakutumizirani mlamu wanu kucokera kutali msiri angoitembenuza ndi kupukusa mutu. Batire la foni ya galasi limakhala lomata m'kati, ndipo likayamba kutupa ndi kukankha cibvundikiro musaligonekenso pa mphasa usiku, lingayake.

Pa depoti mudzakumana ndi anyamata onong'ona, oonetsa foni yonyezimira m'kati mwa jekete pa mtengo wa nkhuku ziwiri. Cikomekome ca mkuyu, m'kati muli nyerere. Zina nzakuba, ndipo apolisi akaitsata adzagwira amene ali nayo m'manja. Zina ndi cikopa cokha, dzina lalikuru kunja koma m'kati zopanda pace. Gulani m'sitoro imene mudzaipezanso mawa, ndipo funsani ngati apatsa masiku obwezera cinthu cikafa. Musanapereke ndarama ikanimo simu yanu, imbani, mverani ngati mau amveka mbali zonse ziwiri, ndipo muiike pa moto muone ngati ilandira. Kenaka dindani *#06# ndipo padzaturuka nambala ya malembo 15 imene aicha IMEI. Iyenera kufanana ndi imene yalembedwa pa bokosi. Muuze wa m'sitoroyo ailembe pa lisiti pamodzi ndi tsiku ndi dzina la sitoro, ndipo lisitilo mukalisunge m'cikwama cimene musungamo ziphaso za fodya.