Kugoneka Alendo M'nyumba ya Eni

Amayi, ambiri a ife tinakhalapo m'nyumba ya lendi, ndipo ena tili ndi kanyumba kuseri kamene timachititsa lendi kuti tipeze ya sopo ndi fizi ya ana. Choncho nkhani imene yautsa milandu m'mizinda ya kunja, ya anthu amene amatenga nyumba ya eni nayamba kugonekamo alendo olipira mwini wake osadziwa, si yachilendo kwenikweni kwa ife. Chachilendo ndi njira yake yokha.

Njirayo ndi makampani a pa intaneti, ndipo yotchuka koposa ndi Airbnb. Munthu amajambula zipinda, naika zithunzizo pamodzi ndi mtengo wa usiku umodzi. Wapaulendo amasankha, nalipira asanafike, kampani nkudulapo gawo lake. Amene anayambitsa ntchitoyi nawonso anali pa lendi. M'chaka cha 2007 anyamata awiri, Brian Chesky ndi Joe Gebbia, ndalama ya nyumba itawavuta mumzinda wa San Francisco ku Amereka, anayala matiresi opopa pansi nalandira alendo atatu amene anadzera msonkhano. Lero nyumba zotere zimapezeka ngakhale ku Lilongwe, ku Blantyre ndi kunyanja ku Mangochi.

Nyambo yake njoonekeratu. Kumene alendo amachuluka, ndalama ya masiku owerengeka ingathe kubweza lendi ya mwezi wathunthu, yotsalayo nkukhala phindu. Koma phindulo ndi la yani?

Funsoli linayankhidwa ku London m'chaka cha 2019. Bambo wina anapatsidwa nyumba ndi khonsolo ya Westminster, imodzi mwa nyumba zija zamtengo wotsika zimene mabanja osowa pokhala amazidikira zaka zambiri. Iye anaiika pa Airbnb kuyambira mu 2013, nadzitcha dzina la mkazi kuti asadziwike. Alendo oposa 300 analemapo maganizo awo atagonamo, monga uli mwambo wa kampaniyo, ndipo ena, pomuthokoza chifukwa cha kuchereza kwake, anamutchula dzina lake lenileni. Kuthokozako ndiye kunamugwiritsa. Bwalo la milandu linagamula kuti atuluke m'nyumbamo ndi kubweza mapaundi oposa 100,000.

Ku France, chaka chomwecho, bwalo lalikulu lotchedwa Cour de cassation linaweruza mlandu wa banja lina la ku Paris limene linachita zofananazo m'nyumba ya munthu wamba. Oweruza anati ndalama za alendo zili ngati zipatso za mtengo, ndipo zipatso ndi za mwini mtengo. Banjalo linauzidwa kupereka ndalamazo kwa mwini nyumba, ngakhale kuti ndilo linkasesa ndi kuchapa. Lamulo la kumeneko la mu 1989 limati wofuna kuchititsa lendi nyumba imene iyenso akuchita lendi ayambe walandira chilolezo cholembedwa kwa mwini wake, ndipo mtengo womwe agwirizane.

Ena adzati oweruzawo anauma mtima, popeza lendi inkalipidwa ndithu. Ife tikuona kuti sanalakwe. Mayi amene anamanga nyumba ndi ndalama ya mandasi amayamba waona nkhope ya munthu asanamupatse kiyi. Amafunsa kumene amagwira ntchito, ana ali nawo angati, kaya amamwa. Kiyi yemweyo akayamba kuyenda m'manja mwa anthu osadziwika sabata ndi sabata, kufunsa konse kuja kwapita pachabe. Paja akulu anati mlendo ndi mame. Akathyola mpope kapena kusokosera anansi usiku wonse, dzuwa potuluka wapita kale, ndipo oyandikana nawo amakadandaula kwa mwini nyumba. Ndiponso zinthu zikaululika, amene amamanga katundu ndi kusakira ana sukulu yatsopano nthawi zambiri ndi mayi, ngakhale nzeruyo anabwera nayo ndi bambo.

Tsono inu amene muli pa lendi, ngati chipinda chikungokhala ndipo mwaganiza zolandiramo alendo, pitani ndi amuna anu kwa eni nyumba mukakambirane. Ena adzakana, koma ena adzalola mukagwirizana za gawo lawo ndi za wokonza zowonongeka. Zimene mwapanganazo zilembedwe papepala, aliyense asaine ndi kusunga lake. Nanunso ochititsa lendi, musadalire pangano la pakamwa lokha. Lembani poyera ngati mukulola alendo olipira kapena ayi.

Amene muli ndi ana ku London muwauzenso kuti chilolezo cha mwini nyumba pachokha sichikwanira. Kuyambira mu 2015 lamulo la mzindawo limalola kugoneka alendo otere masiku 90 okha pa chaka, ndipo wofuna kupitirira pamenepo ayenera kukapempha chilolezo ku khonsolo.