Ku Britain mabwana amaulula malipiro, koma akazi akadatsalirabe

Pa 4 Epulo 2018 makampani akuluakulu a ku Britain anafika pa tsiku lomaliza loti aulule chinthu chomwe ambiri mwa iwo ankachisunga m'mafaelo a ofesi ya malipiro: kusiyana kwa ndalama zimene amuna ndi akazi amalandira. Olemba anthu ntchito oposa 10,000 analemba manambala awo pa webusaiti ya boma, ena mothamanga tsikulo likutha. Zitawerengedwa, zinapezeka kuti m'makampani pafupifupi 8 pa 10 alionse, mwamuna amalandira zambiri pa ola kuposa mkazi.

Lamulo lomwe linawakakamiza linayamba kugwira ntchito mu Epulo 2017, ndipo linachokera m'lamulo lalikulu la Equality Act la 2010. Limakhudza makampani ndi mabungwe a ku England, Scotland ndi Wales, komanso nthambi zambiri za boma, omwe ali ndi antchito 250 kapena kuposerapo. Mutu ukakula sulewa nkhonya. Chaka chilichonse olemba ntchitowa amatenga malipiro a tsiku limodzi lokhazikitsidwa, 5 Epulo kwa makampani ndi 31 Malichi kwa nthambi za boma, n'kuwerengera kusiyana kwake. Akuyenera kufalitsa zotsatirazo pasanathe chaka, pa webusaiti yawo komanso ya boma, pomwe aliyense angathe kuziona.

Kawerengedwe kake n'kosavuta kumva. Tiyerekeze kuti akazi onse a pakampani aimikidwa pamzere, kuyambira wolandira zochepa kwambiri mpaka wolandira zambiri kwambiri. Amuna nawonso aimikidwa pamzere wawo. Kenako atenga mkazi woima pakati penipeni ndi mwamuna woima pakati penipeni, n'kufananitsa malipiro awo pa ola. Pambali pa nambala imeneyi, kampani imaululanso avareji ya malipiro, kusiyana kwa mabonasi, ndi kuchuluka kwa amuna ndi akazi omwe analandira bonasi. Chomaliza, antchito onse amagawidwa m'magulu anayi malinga ndi malipiro awo, ndipo kampani imanena kuti gulu lililonse lili ndi akazi angati ndi amuna angati. Magulu anayiwa ndi amene amaonetsa bwino lomwe amene ali pamwamba ndi amene ali pansi.

Kampani ya ndege ya Ryanair inaonetsa zimenezi poyera. Kusiyana kwa malipiro a antchito ake a ku Britain kunali pafupifupi 72 peresenti. Chifukwa chake chinali m'ndege momwemo: mwa oyendetsa ndege 554, akazi anali 8 okha, pamene ambiri mwa operekera tiyi ndi chakudya kwa apaulendo anali akazi. Kutsogolo kwa ndege, komwe malipiro ndi ochuluka, kunadzaza amuna. Kampani ina ya ndege, easyJet, inali ndi vuto lomweli, ndipo inadziikira cholinga choti 20 peresenti ya oyendetsa ndege atsopano akhale akazi pofika 2020.

Choncho nambalayi sikutanthauza kuti mwamuna ndi mkazi ogwira ntchito imodzi akulipidwa mosiyana. Kuchita zimenezo n'kuphwanya lamulo ku Britain kuyambira kalekale. Mu 1968, amayi 187 osoka zophimba mipando ya galimoto pa fakitale ya Ford ku Dagenham ananyanyala ntchito chifukwa ntchito yawo inkaonedwa ngati yosafuna luso, ndipo ankalandira zochepa poyerekeza ndi amuna. Kunyanyalako kunaimitsa ntchito yopanga magalimoto, mpaka nduna ya zantchito, Barbara Castle, inalowererapo. Zotsatira zake zinali lamulo la Equal Pay Act la 1970, lomwe linayamba kugwira ntchito mu 1975.

Koma lamulo loletsa tsankho siligwira kanthu ngati wantchito sakudziwa zomwe mnzake amalandira. Nkhani ya BBC inatsimikizira zimenezi. Mu Julayi 2017 wailesiyi inafalitsa maina a anthu omwe inkawalipira mapaundi oposa 150,000 pachaka, ndipo ambiri pamndandandawo anali amuna. Carrie Gracie, yemwe anali mkonzi wa nkhani za ku China, anatula pansi udindo wake mu Januwale 2018 atazindikira kuti amuna a udindo wonga wake ankalandira zambiri. Patatha zaka ziwiri, mayi wina wa pa BBC, Samira Ahmed, anapambana mlandu ku khoti la zantchito. Iye ankalipidwa mapaundi 440 pa pologalamu imodzi pamene mwamuna wina wa pa BBC, Jeremy Vine, ankalandira mapaundi 3,000 pa pologalamu yofanana nayo.

Manambala a dziko lonse akuonetsa kuti zinthu zikusintha, koma pang'onopang'ono. Ofesi ya boma yoona za kawerengedwe, Office for National Statistics, inapeza kuti pakati pa ogwira ntchito tsiku lonse kusiyanaku kunali 17.4 peresenti mu 1997, ndipo kunatsika kufika pa 7 peresenti mu 2024. Tikaphatikiza ndi ogwira ntchito maola ochepa, omwe ambiri ndi akazi, kusiyanaku kunali pafupifupi 13 peresenti. Mpatawu ndi waung'ono kwa achinyamata, koma umakula anthu akadutsa zaka 40. Mayi akabereka amachepetsa maola a ntchito kuti alere mwana, kusiya mwana kumalo osamalira ana n'kokwera mtengo kwambiri, ndipo kukwezedwa pantchito kumamudutsa pamene anzake aamuna akukwera.

Pamenepa ndi pomwe lamulo la 2017 likuperewera. Bungwe la Equality and Human Rights Commission lingathe kutengera kukhoti kampani yomwe yalephera kufalitsa manambala ake. Koma kampani yomwe yaulula kusiyana kwa 40 peresenti chaka chino, n'kuululanso 40 peresenti chaka chamawa, sinalakwire lamulo lililonse. Mu 2020 boma linaimitsanso kaye kukakamiza makampani chifukwa cha Covid-19. Mu Okutobala 2024 boma la chipani cha Labour linapititsa ku Nyumba ya Malamulo bilu ya Employment Rights, yomwe mwa zina inafuna kuti makampani akuluakulu azilemba ndondomeko ya momwe achepetsere mpatawu.

Maiko a mu European Union apita patsogolo kuposa pamenepa. Lamulo lomwe anagwirizana mu 2023 likuti kampani ikapezeka ndi kusiyana kwa 5 peresenti kapena kuposerapo kopanda chifukwa chomveka, iyenera kukhala pansi ndi oimira antchito n'kuunika malipiro onse. Likuletsanso bwana kufunsa wofuna ntchito zomwe ankalandira kumene ankagwira kale, funso lomwe limachititsa kuti mkazi amene anayamba ndi malipiro ochepa apitirize kulandira zochepa kulikonse kumene angapite.

Amalawi, Azambia ndi Azimbabwe ambiri omwe ali ku Britain amagwira ntchito m'zipatala za boma za NHS ndi m'nyumba zosamalira okalamba. Amene amagwira ntchito kumalo okhudzidwa ndi lamuloli angathe kulemba dzina la kampani yake pa webusaiti ya boma n'kuona gulu lomwe akazi achuluka. Nambala imeneyo ndi umboni woti angapite nawo kwa bwana kapena ku yuniyoni pokambirana za kukwezedwa, ndipo makampani omwe amafunsidwa mafunso chaka ndi chaka ndi amene amakakamizika kusintha.