Kiyi wa fayilo ali ndi yani?

Madzi akasefukira kuchigwa cha Shire, monga zidachitikira mu Januwale 2015 komanso pa namondwe wa Freddy mu Malichi 2023, ufa ndi mabulangete sizigawidwa chisawawa. Zimatsata kaundula wa maina. Kaundulayo akalembedwa pakompyuta imodzi, ena muofesi amamufikira kudzera pa netiweki.

Vuto limadza kalaliki akati atsekule fayiloyo, kompyuta n'kuyankha kuti "Access denied", kutanthauza kuti alibe chilolezo. Uku anthu ali pamzere padzuwa la ku Bangula kapena Makhanga, ana akulira kumsana.

Kawirikawiri kompyutayo siinafe. Pa Windows, foda yogawana imakhala ndi zitseko ziwiri. Choyamba, cha Sharing, chimasankha olowa kudzera pa netiweki. Chachiwiri, cha Security, chimanena chomwe munthu angachite ndi fayiloyo: kuwerenga chabe, kusintha kapena kufufuta. Ziwirizi zikasemphana, chokhwima ndicho chimapambana. Nchifukwa chake wina amatsekula chimodzi n'kudabwa kuti zikukanikabe.

Palinso kamsampha kena. Fayilo yokopedwa imatengera malamulo a foda yomwe yafikiramo, pomwe yongosunthidwa padiraivi yomweyo itha kupita ndi maloko ake akale.

Mankhwala ake ndi oti aliyense akhale ndi dzina lolowera ndi pasiwedi yakeyake, ndipo chilolezo chiperekedwe kumagulu: olemba maina azitha kusintha, ena azingowerenga. Wosamutsidwa ntchito, akaunti yake itsekedwe tsiku lomwelo.

Koma kutentha kwa ku Nsanje ndi phokoso la pakhomo zimakopa munthu kudulira njira: kupatsa aliyense mphamvu zonse, kapena kumata pasiwedi ya abwana pakhoma. Fayilo imatsekukadi. Kungoti dzina la agogo likasowa m'kaundula n'kulowa la mlamu wa wina, wochita zimenezo sadziwika.

Dziko lino lidalawapo kale zotere. Mu Sepitembala 2013, Paul Mphwiyo, yemwe adali mkulu woona za bajeti, atawomberedwa ku Lilongwe, nkhani ya Cashgate idaphulika. Kampani ya Baker Tilly idapeza kuti ndalama zoposa K13 biliyoni zidasokonekera m'miyezi isanu ndi umodzi yokha. Ena okhala ndi chilolezo cholowa mu IFMIS, njira ya pakompyuta yolipirira ndalama za boma, ankatulutsa macheke kenako n'kufufuta umboni wake. Maiko othandiza Malawi adaimika thandizo lawo la kubajeti chaka chomwecho chisanathe.