Nyerere pa Tiyi ndi Khofi: Mlonda wa Adani a Mbewu

Ku chigwa cha Honde ndi ku Chipinge m'dziko la Zimbabwe, kumene tiyi anayamba kulimidwa pa esiteti ya New Year's Gift m'chaka cha 1924, mlimi akaona nyerere zikukwera ndi kutsika pa tsinde la tiyi kapena khofi amaganiza kuti ndizo zikuwononga mbewu. Kawirikawiri nyerere sizidya tsamba ayi. Mzere wa nyererewo ndi chizindikiro chakuti kunsonga kuli tizilombo tina timene tikuyamwa madzi a mbewu.

Ubale wake umayenda motere. Nsabwe zakuda za tiyi, zotchedwa Toxoptera aurantii, pamodzi ndi tizilombo tomamatira ku nthambi ta mtundu wa Coccus ndiponso kodikodi, zimayamwa madzi ambiri a shuga koposa amene thupi lawo lifuna. Otsalawo zimatulutsa ngati timadontho totsekemera. Nyerere, makamaka za mitu ikuluikulu zotchedwa Pheidole megacephala, zimamwa timadonthoti, ndipo pobwezera zimapirikitsa adani a tizilomboti: tizikumbu ta mathothomathotho timene timadya nsabwe, ndi timavu ting'onoting'ono timene timaikira mazira m'matupi mwake. Motero tizilombo toyamwa timaswana mosadodometsedwa.

Kutayika kwa mlimi kuli pawiri. Nsonga zanthete, zomwe ndizo zimathyoledwa, zimapinimbira ndi kufwanyika. Chachiwiri, pa timadontho togwera pamasamba pamamera nkhungu yakuda ngati mwaye, imene imatchinga dzuwa kuti tsamba lisapange chakudya. Vutoli limakula mu nazale ndi pa mphukira zotuluka tiyi akadulidwa. M'munda wothyoledwa pafupipafupi nsabwe zambiri zimachoka pamodzi ndi nsongazo.

Zimene zinachitika ku Kenya n'zophunzitsa. Kuyambira m'chaka cha 1923 kodikodi wa khofi, Planococcus kenyae, anasakaza minda mothandizidwa ndi nyerere za mtundu wa Pheidole. Alimi ankamanga malamba omata pa matsinde kuti nyerere zisakwere, ntchito imene inkadya ndalama zambiri. Mliriwo unazilala pamene timavu ta mtundu wa Anagyrus tinatengedwa ku Uganda ndi kumasulidwa m'minda mu 1938.

Komabe si nyerere zonse zimene zili zoipa. Nyerere zofiira zosoka masamba, Oecophylla longinoda, zimene zimamanga zisa m'mitengo ya mango ndi malalanje m'madera otentha, zimagwira tizilombo toboola nsonga ta mtundu wa Helopeltis, mdani wamkulu wa tiyi ku Mulanje ndi ku Thyolo. Katswiri wina, Michael Way, anaonetsa ku Zanzibar m'zaka za m'ma 1950 kuti nyererezi zimatchinjiriza mitengo ya kokonati. Nazonso zimaweta tizilombo tomamatira, choncho phindu lake liyenera kuyesedwa pa mbewu iliyonse payokha.

Mlangizi, kaya ali ku Honde, ku Gurué kapena ku Mulanje kumene kuli Tea Research Foundation of Central Africa, ayenera kuphunzitsa alimi izi. Choyamba, atsatire mzere wa nyerere kufikira kumene ukuthera, natembenuze masamba kuti aone chimene zikuweta. Pa khofi, adule nthambi zokhudza pansi ndi kulambula udzu wotsamira pa mtengo, popeza lamba womata alibe ntchito ngati nyerere zili ndi njira ina yokwerera. Mu nazale, nsonga zogwidwa kwambiri zichotsedwe msanga. Aonenso ngati pali nsabwe zouma, zotupa ndi zobooka, pakuti zimenezi zikusonyeza kuti timavu tayamba kale ntchito.

Kupopera munda wonse ndi mankhwala opha chilichonse kumapha timavu ndi tizikumbu, pamene nyerere zambiri zimapulumuka m'zisa zake pansi pa nthaka. Zikatulukanso zimapeza adani aja atatha, ndipo tizilombo toyamwa timabwerera tochuluka koposa kale.