Kusupula khungu la kunkhope ndi mankhwala: kodi Msilamu akuloledwa?

Ukamayenda m'masaluni a ku Biwi, Mchesi ndi Kawale, kapena ukangotsegula Facebook ndi WhatsApp, sulephera kukumana ndi wotsatsa mankhwala omwe akuwatchula kuti chemical peel. Lonjezo lake n'lakuti ziphuphu, mawanga ndi makwinya zichoka, nkhope isalala ngati ya khanda. Alongo athu ena akufuna kudziwa ngati Shariya ikuloleza zimenezi, makamaka akamakonzekera nikah. Tisanafike pa lamulo, tiyambe tadziwa chomwe mankhwalawa amachita pathupi.

Chemical peel ndi kuwotcha khungu mwadala ndi asidi, koma moyeza. Khungu lapamwamba limafa n'kufunduka, kenako thupi limameretsa lina. Pali asidi wofookerapo monga glycolic, yemwe amapezeka mu nzimbe, lactic wa mu mkaka wosasa, ndi salicylic yemwe amathandiza pa ziphuphu. Ameneyu akakhala pa mlingo wochepa amangokhudza pamwamba, ndipo munthu amachira pasanathe sabata. Wina wotchedwa TCA amalowa mkati ndithu, kuchira kwake kumatenga sabata imodzi kapena ziwiri. Woopsa kwambiri ndi phenol, moti pomupaka madokotala amayang'anira kagundidwe ka mtima chifukwa amatha kuusokoneza.

Chomwe otsatsa satiuza n'chakuti khungu lakuda ngati lathuli likavulala limayankha popanga melanin wochuluka, chinthu chomwe chimatipatsa mtundu wathu. N'chifukwa chake chiphuphu chikapola chimasiya kadontho kakuda. Ndiye asidi akapyola muyezo, mawanga omwe munthu amafuna kuchotsa aja amabwereranso atada kuposa kale, pena n'kusiya zipsera zotupa zosachoka. Dzuwa limawonjezera vutoli. Mayi yemwe amakhala tsiku lonse pa benchi ya malonda mu Okutobala, kapena kuyenda wapansi kuchoka ku Biwi kupita mu tauni, khungu lake latsopanolo lilibe pobisala. Ngakhale ku America, bungwe la FDA linachenjeza anthu mu 2024 kuti asamagule asidi wamphamvuyu n'kumadzipaka okha popanda woyang'anira wodziwa ntchitoyi, anthu ena atapsa nkhope.

Tsono Shariya ikuti bwanji? Pali Hadith yomwe Imam Ahmad anailandira kuchokera kwa mayi Aisha (Radhiya Allahu anha) yonena za themberero kwa mkazi wosupula nkhope ya mnzake ndi wosupulidwayo. Koma akatswiri a Hadith, kuphatikizapo Sheikh Al-Albani, anati unyolo wake ndi wofooka. Choncho ma ulama ambiri satsamira pa iyo yokha, amayang'ana cholinga cha munthuyo komanso ngati sipakhala kuvulala.

Kuchotsa chilema n'kololedwa. Swahaba wina, Arfajah bin As'ad, anadulidwa mphuno pa nkhondo ya Al-Kulab Chisilamu chisanafike. Anaika mphuno ya siliva koma inayamba kununkha, ndipo Mtumiki (Swalla Allahu alaihi wasallam) anamuuza kuti aike ya golide, pamene tikudziwa kuti golide ndi haraam kwa amuna. Apa ndi pomwe ma ulama amatengera chilolezo chobwezeretsa thupi mmene linalili. Mtsikana yemwe ziphuphu zinamusiyira maenje kumaso, mayi yemwe anatuluka mawanga akuda m'masaya ali woyembekezera, kapena munthu yemwe anapsa ndi moto, onsewa akapita kwa dokotala akukafuna mankhwala a matenda basi.

Nkhani ya ukalamba ndi yosiyana. Bungwe la International Islamic Fiqh Academy, pa msonkhano wake ku Putrajaya m'dziko la Malaysia mu 2007, linagamula kuti sikololedwa kuchotsa makwinya ndi opaleshoni kapena jakisoni, pokhapokha akhale obwera chifukwa cha matenda, komanso pasakhale chiopsezo. Chigamulocho sichinatchule asidi, koma mfundo yake ikuoneka: makwinya a zaka 50 si matenda. Kudzola mafuta wamba kuti khungu lisaume palibe woletsa. Kulowetsa asidi mkati mwa khungu kuti wofunsira mbeta aganize kuti ndiwe wazaka 30 kwawonjezerapo chinyengo, chomwe Mtumiki anachiletsa.

Koma tisanamizane, ambiri omwe akugula mankhwalawa kuno sakulimbana ndi makwinya. Akufuna kuyera. Akuluakulu akukumbukira Ambi, ndipo tonse tinamvapo nthabwala ya nkhope ya Fanta miyendo ya Coca-Cola. Lero botolo lasintha dzina, koma zosakaniza zimatha kukhala zomwezija: hydroquinone, yemwe akadzoledwa nthawi yaitali amadetsa khungu modera ngati bluu mosabwereranso, ma steroid monga clobetasol ndi betamethasone, omwe amapyapyalitsa khungu mpaka mitsempha kuonekera, komanso mercury, yemwe amawononga impso ndi ubongo ndipo amafika kwa mwana m'mimba. South Africa inaletsa hydroquinone m'zodzoladzola mu 1990. Qur'an yolemekezeka, mu Surah Ar-Rum ndime 22, ikuika kusiyana kwa zilankhulo ndi mitundu ya khungu m'gulu la zizindikiro za Allah, ndipo mu Surah An-Nisa ndime 119 kusintha chilengedwe cha Allah kukutchulidwa pa zomwe Shaitwan analonjeza kuti adzalamula anthu. Khungu lakuda si chilema chofunika mankhwala. Ndipo abambo amene mumayamikira akazi oyera pamaso pa akazi anu, dziwani kuti botolo lija mwagulitsa ndinu.

Kwa yemwe ali ndi vuto lenileni, poyambira ndi kuchipatala. Ku Kawale Health Centre kapena ku Bwaila akhoza kukuonani, ndipo pakafunika amakutumizani ku gawo la matenda a khungu ku Kamuzu Central Hospital. Nthawi zambiri ziphuphu zimamva mankhwala ena osafunika kusupula khungu. Mukasankha chipatala cholipira, funsani ngati wokuthandizaniyo analembetsedwa ku Medical Council of Malawi, ndipo mlongo apemphe dokotala wamkazi ngati alipo. Botolo lopanda dzina la asidi ndi mlingo wake, lothiridwa kuchokera m'chigubu china, lisakhudze nkhope yanu. Woyembekezera, woyamwitsa ndi yemwe amatupa zipsera auze dokotala zimenezi asanayambe chilichonse.

Musaiwalenso Swala. Nkhope ndi chiwalo choyamba chomwe Qur'an ikutchula pa wudhu, ndipo mukasupulidwa mozama dokotala akhoza kukuletsani kuthira madzi kwa kanthawi, kapena kukuuzani kuti muzipaka mafuta okhuthala omwe amatchinga madzi. Mufunseni masiku ake enieni, kenako mukawafotokozere a Sheikh a pa mzikiti wanu musanapite kukapangitsa, kuti akuuzeni ngati mudzapukute pa bandeji kapena kupanga tayammum.