NYUMBA YA KUMUDZI NDI NDARAMA ZA KUMIGODI

Pakati pa anthu a ku Katete, ku Sinda ndi ku Vubwi amene agwira nchito ku migodi ya ku Kitwe, Chingola, Mufulira ndi Solwezi, kapena m'masitoro ndi m'maofesi a mu Lusaka, ngowerengeka amene salingalira za tsiku lobwerera kwao. Nchito ya kwa eni iri ndi polekezera. Wina ukalamba umpeza, wina cifuwa cimgwira, ndipo wina angomva m'mawa kuti mgodi ucepetsa anchito. Tsiku limenelo likafika, funso loyamba likhala la kumene iye ndi banja lace adzagona.

Kale nyumba ya m'komboni inali ya kampani. Munthu akacotsedwa nchito anali kutaya malipiro ndi nyumba yomwe pa nthawi imodzi. Mu 1996 Boma la Pulezidenti Frederick Chiluba linayamba kugulitsa nyumba za makhonsolo kwa anthu okhalamo, ndipo nyumba za ZCCM nazo zinagulitsidwa kwa anchito m'zaka zimene migodi inali kupita m'manja mwa makampani ena, mpaka mu 2000. Amene analowa nchito pambuyo pace sanaupeze mwai umenewo. Ambiri a iwo akhala m'nyumba za lendi, ndipo mtima wao uli pa kumanga kwao.

ZA LENDI

Kulipira lendi kulibe manyazi, pakuti munthu ayenera kugona pafupi ndi nchito yace. Koma ayenera kudziwa kukula kwa ndarama zimene zicoka m'thumba mwace. Mwa citsanzo, wolipira K1,500 pa mwezi apereka K18,000 pa caka, ndipo pa zaka khumi apereka K180,000, lendiyo ikapanda kukwera. Komatu lendi yosakwera zaka khumi njosowa. Potsiriza pace alibe ngakhale njerwa imodzi ya m'nyumbamo imene anganene kuti njace. Cifukwa cace wanzeru afuna nyumba yolingana ndi malipiro ace, ngakhale anzace amseke, kuti zotsala zikamange kumudzi. Asunganso malisiti onse pamodzi ndi pangano lolembedwa. Lamulo la Lendi la 1972 sililola mwini nyumba kuturutsa munthu popanda mau a khoti, ndipo ku khoti pepala limveka koposa pakamwa.

MALO NGA YANI?

Anthu ambiri akaganiza zomanga ayamba ndi kugula malata. Koma poyambira peni-peni ndi pa malo, cifukwa nyumba siinyamulika. Monga mwa Lamulo la Malo la 1995, dziko lonse la Zambia liri m'manja mwa Pulezidenti, amene alisunga m'malo mwa anthu onse. Pansi pa lamulo limeneli pali malo a mitundu iwiri: malo a mwambo, amene ayang'aniridwa ndi mafumu, ndi malo a Boma, amene munthu apatsidwa ndi cikalata ca umwini, cimene ambiri acicha taitolo. Taitolo ipatsa munthu malo kwa zaka 99.

Malo ambiri a m'maboma atatu awa nga mwambo. Ku dera la Katete ndi Sinda kuli mafumu monga Mbang'ombe, Kawaza, Kathumba ndi Nyanje, ndipo ku Vubwi kuli mfumu Pembamoyo. Wofuna kumanga m'mudzi apita kwa nyakwawa, amene amsonyeza pomanga. Ngati malowo ngakuru, nkhani ifika kwa mfumu. Mwa mwambo malo otere sagulitsidwa. Munthu awagwiritsa nchito iye ndi mbumba yace, ndipo cimteteza ndi kudziwika kwace m'mudzimo. Ubwino wace ngwakuti safuna ndarama zambiri, ndipo palibe msonkho wa malo wa caka ndi caka. Kubvuta kwace nkwakuti banki siilandira nyumba yotere ngati cikole ca ngongole, ndiponso mwini wace sangaigulitse mosabvuta kwa munthu wa kutali.

Sinda ndi Vubwi anakhala maboma paokha mu 2012. Sinda anadulidwa ku Katete ndi ku Petauke, ndipo Vubwi anadulidwa ku Chadiza. Pamene pakhala boma latsopano pabwera maofesi, aphunzitsi, anamwino ndi apolisi, ndipo onsewa afuna nyumba za lendi. Motero malo a pafupi ndi boma, ndi a m'mbali mwa mseu waukuru wa Great East umene upyola pa Sinda ndi pa Katete, afunidwa ndi anthu ambiri. Apa ndipo pagona ngozi, cifukwa malire a malo a khonsolo ndi malo a mfumu saoneka ndi maso. Munthu wa ku Kitwe angathe kutumiza ndarama kwa wina amene wamlonjeza puloti, nadzapeza pambuyo kuti pulotiyo inapatsidwa kale kwa anthu awiri, kapena kuti iri pamene khonsolo idzalambula mseu. Akuru anati safunsa anadya phula. Wofuna puloti pa boma ayambe wafika yekha ku khonsolo, aone mapu, afunse ngati wogulitsayo ali ndi kalata yocokera kwa Commissioner of Lands, ndipo asamange khonsolo isanabvomereze pulani ya nyumba.

Lamulo lilola kusandutsa malo a mwambo kukhala a taitolo. Mfumu iyenera kubvomera mwa kulemba, khonsolo nayo ibvomere, ndipo anthu ena amene ali ndi gawo pa malowo afunsidwe. Pamenepo mapepala apita kwa Commissioner of Lands, ndipo wopima malo adzaika zizindikiro za malire. Zonsezi zidya ndarama ndi nthawi. Mwini taitolo alipiranso msonkho wa malo ku Boma caka ndi caka, ndi wa nyumba ku khonsolo ngati ali m'dera lace. Koma taitolo ndiyo itsegula khomo la ngongole ya nyumba ku mabanki ndi ku Zambia National Building Society, bungwe limene linakhazikitsidwa mu 1970. Wogula nyumba yomangidwa kale imene iri ndi taitolo ayambe wafufuza ku ofesi ya Lands and Deeds ngati dzina la wogulitsa ndilo liri m'buku, ndi ngati nyumbayo siinaikidwe cikole. Msonkho wosinthira umwini alipira ndi wogulitsa, ku Zambia Revenue Authority.

NDARAMA ZOMANGIRA

Ndarama zosungidwa m'citini zicepa mphamvu ciri conse cikamakwera mtengo. Akuru-akuru akumbukira kuti mu 1968, pamene kwacha inalowa m'malo mwa paundi, K2 inali kulingana ndi paundi imodzi. Pofika mu January 2013 kwacha inali itapepuka kotero kuti Boma linadula ziro zitatu, ndipo K1,000 inasanduka K1. Njerwa yoocha bwino ndi lata losungidwa pouma sizicita cotero. Cifukwa cace nkwabwino kusandutsa ndarama kukhala zipangizo pang'ono-pang'ono, koma motsata dongosolo.

Njerwa ziumbidwa atatha kukolola cimanga, thonje ndi nshawa, pamene anyamata ali ndi mpata ndipo dzuwa liumitsa bwino. Ziyenera kuochedwa mvula ya November isanagwe. Malata, misomali ndi mafelemu a zitseko angagulidwe msanga, pakuti akhala nthawi yaitali. Simenti yokha siyembekeza. Ikakhala miyezi ingapo pa cinyontho iuma ngati mwala, motero igulidwe pamene mmisiri ali wokonzeka. Mtengo wa galimoto yonyamula katundu ukwera monga mwa kutalika kwa njira, ndipo womanga ku Vubwi, kapena m'midzi ya kutali ndi mseu waukuru, awerengeretu zimenezi asanayambe.

Colakwa cimene cioneka kawiri-kawiri m'mbali mwa miseu ndi nyumba ya zipinda zisanu ndi zitatu imene inaima pa mazenera, udzu utamera m'kati. Mwini wace anayesa nyumba ndi maloto ace, osati ndi malipiro ace. Zipupa zopanda denga zimwa mvula caka ndi caka mpaka zing'ambika. Nkwabwino kumanga zipinda ziwiri, kufolera, kuika zitseko, ndi kusiya mbali yoonjezerapo m'tsogolo. Tsokonombwe anatha mtunda ndi kudumpha. Zipinda ziwiri zofolera pafupi ndi sukulu kapena cipatala zingathe kupeza wa lendi, ndipo lendiyo igula simenti ya cipinda cacitatu.

Mmisiri alipidwe mwa magawo: atatha maziko, atafika pa mazenera, atafika pomalizira cipupa, ndi atafolera. Mbale amene ayang'anira nchito apatsidwe yace mphotho yodziwika, ndipo asunge malisiti. Masiku ano foni ithandiza, pakuti ndarama zifika tsiku lomwelo ndipo cithunzi ca nchito cibwera cimodzi-modzi. Koma cithunzi sicinena kuti cipupaco nca yani, motero mwini wace azifika yekha nthawi ndi nthawi.

Cilimba ca anthu odziwana ndi njira yabwino yogulira malata, cifukwa cilibe ciongola-dzanja. Kaloba ndiye mdani wa womanga. Mwa citsanzo, wobwereka K2,000 kuti adzabweze K3,000 pa kutha kwa mwezi wataya K1,000 imene ikadagula zipangizo. Akalephera kubweza, ngongole ibala inzace. Ngakhale ngongole ya ku banki ifuna kuwerenga. Wokongola K50,000 pa ciongola-dzanja ca magawo 25 pa 100 pa caka ayang'anizana ndi K12,500 ya pamwamba m'caka coyamba, ngati sanabwezeko kanthu. Asanasaine afunse ndarama zonse zimene adzakhala atalipira pofika tsiku lomaliza, ndi cimene cidzacitika nchito ikatha pakati.

Wanchito ali yense wolembedwa apereka magawo 5 pa 100 a malipiro ace ku NAPSA, ndipo womlemba nchito aperekanso 5. Mu 2023 lamulo linasinthidwa kuti munthu amene wapereka miyezi 60, kapena wafika zaka 45, atengeko magawo 20 pa 100 a zosunga zace kamodzi kokha. Ndarama zimenezi zingathe kufolera nyumba. Koma zimene zatengedwa lero zicepetsa penshoni ya m'ukalamba, ndipo mwai wotengako subweranso. Zikalowa m'denga zasanduka cuma. Zikalowa m'madyerero zapita.

NYUMBA IDZATSALA NDI YANI?

Acewa ndi Ansenga atsata mtundu wa kucikazi. Mwamuna wa cikamwini amanga pa mudzi wa mkazi wace, ndipo ukwati ukatha, kapena mkaziyo akamwalira, iye angathe kuuzidwa kuti abwerere kwao, nyumba itatsala. Amene anamanga kwao natenga mkazi wa citengwa ali ndi bvuto lina: iye akamwalira, abale ace ndi ana a mlongo wace angathe kunena kuti malowo nga mbumba yao, ndipo mkazi wamasiye ndi ana asowa pogwira.

Lamulo la 1989 lonena za cuma ca munthu womwalira wosalemba wilo ligawa motere: ana magawo 50 pa 100, mkazi kapena mwamuna wotsala 20, makolo 20, ndi ena amene anali kudalira womwalirayo 10. Nyumba ikhala ya wotsalayo ndi ana, ndipo wamasiye akhalamo kufikira imfa yace kapena kufikira atakwatiwanso. Koma lamulo limeneli silikhudza malo a mwambo. Nyumba ya pa taitolo itetezedwa ndi lamulo ndi wilo yosainidwa pamaso pa mboni ziwiri. Nyumba ya m'mudzi itetezedwa ndi mau amene ananenedwa poyera mwini wace ali moyo. Cifukwa cace womanga pa malo a mwambo aitane nyakwawa, atsibweni, alongo ace ndi akucikazi, anene pamaso pao kuti nyumbayo aimangira yani, ndipo mauwo alembedwe m'buku la mudzi, kalata ina isungidwe ndi mkazi wace. Kunena zotere sikuitana imfa ai.

Kumapeto kwa mwezi wa August anthu ambiri a m'matauni apita ku Mkaika, m'boma la Katete, ku mwambo wa Kulamba, kukapereka ulemu kwa Kalonga Gawa Undi. Imeneyo ndi nyengo ya dzuwa, njerwa ziri pa uvuni ndipo abale asonkhana. Wofuna kumanga agwiritse nchito ulendo umenewo: aone malo ndi maso ace, alankhule ndi nyakwawa kapena afike ku khonsolo, akhale pansi ndi abale, ndipo atatha izi zonse ndipo afunse mtengo wa malata.