Adabzala maluwa panyumba yalendi

Ambiri a ife m'tauni muno tili ndi yankho limodzi tikafunsidwa chifukwa chake pakhomo pali mbee ngati bwalo lampira: "Ndibzaliranji, nyumba yake yalendi?" Enanso amati landilodi akangoona pakongola akweza lendi. Nzoona zimenezo zimachitika. Komabe tamvani za Claude Monet, katswiri wojambula zithunzi ndi penti wa ku France.

Monet adafika m'mudzi wa Giverny m'chaka cha 1883 ndi banja la ana 8, awiri ake ndi ena 6 a mayi Alice Hoschedé amene adadzawakwatira. Ndalama zogulira nyumba adalibe, adachita lendi. Pakhomopo padali munda wa zipatso ndi ndiwo zamasamba, ndipo mkuluyu sadadikire kuti malowo akhale ake. Adayamba kubzala maluwa, ana aja nkumathirira. Nyumbayo adadzaigula mu 1890, zithunzi zitayamba kuyenda malonda, dimba lili kale ndi zaka 7.

Kabzalidwe kake kadali kosiyana ndi ka mabwana a ku France amene ankadula mitengo molinganiza ngati tsitsi la msilikali. Iye ankasanja maluwa potsata mtundu wake ndi mwezi umene amamasula, kuti ena akamafota ena akhale akuyamba. Ena ankangowasiya ayange mpaka kutseka njira yapakati.

Mu 1893 adagula kadambo kutsidya kwa njanji nkupempha boma kuti apatutse madzi a kamtsinje ka Ru, akumbe dziwe. Apa mpomwe padavuta. Anthu a m'mudzimo adakana, amvekere maluwa achilendowo awononga madzi omwe ziweto zawo zimamwa. Inu mukadawadzudzula? Madzi ngamudzi wonse, ndipo kadziwe ka munthu mmodzi sikadyetsa aliyense. Chilolezo chidaperekedwabe. Adamangapo kamlatho kachijapani, nabzala nsungwi ndi akakombo a m'madzi, amene adawajambula pa zithunzi pafupifupi 250, ngakhale pomwe ng'ala idamugwira m'maso mpaka kuchitidwa opaleshoni mu 1923.

Tisanamizane anthuni, pofika apa sanalinso mlendi wovutika. Adali ndi antchito angapo a m'dimba, mmodzi ntchito yake kulowa m'bwato m'mawa kukatsuka fumbi pamasamba a akakombo aja!

Monet adamwalira mu 1926 ali ndi zaka 86, atasamala dimbalo zaka 43. Mwana womupeza, Blanche, adapitiriza ntchitoyo mpaka imfa yake mu 1947. Kuchokera apo tchire lidalowa, dziwe lidadzaza matope, mlatho nkuwola. Mwana wake Michel atamwalira mu 1966 malowo adasiyira bungwe la Académie des Beaux-Arts, ndipo padafunika ndalama zankhaninkhani, zambiri zochokera kwa anthu akufuna kwabwino a ku America, kuti akumbenso dziwe ndi kubzala mwatsopano. Zipata zidatsegulidwa kwa alendo mu 1980.